Tulo Timaphunzitsika: Kuthandiza Mwana wa Autism Kugona M'nyumba Zathu za M'komboni

Nkhani yokambidwa kwa makolo, olera ana ndi aphunzitsi a ku Kaunda Square, Lusaka

Zikomo kuti mwasiya misika, tuntemba ndi ntchito zapakhomo n'kubwera kudzamva nkhani ya tulo. Ena mwa inu mwafika maso ali psuu chifukwa usiku wathawu simunagone. Mwana anali maso mpaka tambala woyamba, akuyendayenda, akung'ung'udza, akugogoda chitseko, ndipo kutacha mwakumana ndi nkhope zokwinya za anzanu a pa yadi. Nkhani ya leroyi ndi yanu.

Mfundo imene ndabwera nayo ndi imodzi. Mwana wa autism angathe kuphunzira kugona monga mmene amaphunzirira kudya yekha ndi supuni, ndipo mphunzitsi wake ndi inuyo amene mumagona naye nyumba imodzi. Njira zimene akatswiri anapeza zinalembedwera mabanja amene mwana aliyense ali ndi chipinda chake. Ife ambiri tikukhala m'zipinda ziwiri za lendi, anthu asanu kapena kuposerapo, khoma limodzi ndi banja lina. Choncho ndifotokoza njirazo moti zikwane m'nyumba zathu.

Kukula kwa vutoli

Autism ndi kakulidwe ka ubongo kosiyana ndi ka ana ena. Kamaonekera pa kalankhulidwe, pa kachezedwe ndi anthu, pa kukonda kuchita zinthu mobwerezabwereza, ndiponso pa mmene mwana amamvera phokoso, kuwala, fungo ndi zomukhudza pakhungu. Dokotala Leo Kanner wa ku Baltimore ndiye anafotokoza za ana otere mu 1943. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 ali ndi autism. Mwanayu sanalodzedwe, bambo ake sanamukhwimire kuti alemere, ndipo amayi ake sanalakwire mwambo uliwonse ali ndi pakati.

Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana akusonyeza kuti ana 50 mpaka 80 mwa ana 100 a autism amavutika ndi tulo, pamene mwa ana ena ndi pafupifupi mmodzi mwa anayi. Zifukwa zake zilipo zingapo. Ubongo wathu umatulutsa melatonin kukada, ndipo ndi amene amauza thupi kuti nthawi yogona yakwana. Mwa ana ambiri a autism melatonin amatuluka mochedwa kapena mochepa. Kachiwiri, zimene ife sitizimva n'komwe, monga msoko wa malaya, kulira kwa filiji kapena fungo la mankhwala a udzudzu, kwa iye zimakhala zosautsa. Kachitatu, kusintha kulikonse kumamudetsa nkhawa, ndipo kuchoka pa masewera kupita pogona ndi kusintha kwakukulu.

Mwana wa zaka 3 mpaka 5 amafunika kugona maola 10 mpaka 13 pa tsiku, kuphatikizapo tulo ta masana. Wa zaka 6 mpaka 12 amafunika maola 9 mpaka 12, ndipo wa zaka 13 mpaka 18 amafunika maola 8 mpaka 10. Tulo tikaperewera, ukali umakula, kudziluma ndi kudzimenya kumachuluka, ndipo zimene waphunzira kusukulu sizikhazikika. Mayi nayenso amafooka, malonda amaima, m'banja mumabuka mikangano.

Yambani ndi thupi

Musanasinthe chilichonse panyumba, fufuzani ngati mwanayo sakumva ululu. Mwana wosalankhula sangakuuzeni kuti dzino likuwawa. Iye amangolira pakati pa usiku, ife n'kumati ndi mwano. Mutsegulireni pakamwa muone mano. Onani ngati akutuluka chimbudzi tsiku ndi tsiku, chifukwa ana ambiri a autism amasankha zakudya ndipo amadzimbidwa. Onani khungu ngati lili ndi mphere kapena zizindikiro za nsikidzi. Kumbukiraninso njoka za m'mimba, kupweteka kwa khutu, ndi kuchepa kwa magazi komwe kumachititsa miyendo kusakhazikika usiku.

Zizindikiro ziwiri musazichedwetse. Choyamba ndi mkonono waukulu wotsatana ndi kubanika, mwana n'kumaoneka ngati wasiya kupuma kwa kanthawi. Chachiwiri ndi kuuma thupi, kugwedezeka, kudziluma lilime kapena kukodza pogona mwana amene anasiya kale, chifukwa khunyu imapezeka kawirikawiri mwa ana a autism ndipo nthawi zina imagwira ali m'tulo. Mukaona zotere jambulani ndi foni, mukaonetse ku kiliniki. Kumeneko akhoza kukutumizani ku Levy Mwanawasa, ku Chainama kapena ku chipatala cha ana cha UTH. Ngati mwana akumwa kale mankhwala, afunseni a dokotala ngati sakusokoneza tulo, koma musamusiyitse panokha.

Kope la tulo

Gulani kope laling'ono la kusukulu. Kwa milungu iwiri, tsiku lililonse lembani nthawi imene mwamugoneka, nthawi imene tulo tamugwiradi, kangati wadzuka usiku, chimene inu munachita atadzuka, nthawi imene wadzuka m'mawa, ndi tulo ta masana. Ngati kulemba kumakuvutani, mwana wamkulu wa pasukulu akuthandizeni.

Kopeli limaulula zimene munthu wotopa sangazikumbukire. Tiyerekeze mnyamata wa zaka 6. Amayi ake amamugoneka 7 koloko madzulo, koma tulo timamugwira 11 koloko. Amadzuka 2 koloko, amayi amamupatsa foni kuti asadzutse ena. M'mawa amamusiya agone mpaka 9 koloko pomumvera chisoni, ndipo 4 koloko masana amagonanso pampando. Amayiwa sanalakwe, achita zimene aliyense wotopa angachite. Koma kope likuonetsa poyera malo anayi oti akonze: ola logonekera, foni ya usiku, kudzuka mochedwa ndi tulo ta madzulo.

Usiku wabwino umakonzedwa masana

Sankhani ola limodzi lodzukira, ndipo likhale lomwelo ngakhale Loweruka ndi Lamlungu, ngakhale mwana wagona mochedwa. Akadzuka, tsegulani chitseko, mutulutseni panja aone dzuwa. Kuwala kwa m'mawa ndiko kumakonza nthawi ya m'thupi, ndipo dzuwa la Lusaka ndi laulere. Masana thupi ligwire ntchito: ayende nanu kumsika nthawi imene kulibe piringupiringu, anyamule kachigubu ka madzi, athamange pabwalo. Ndikudziwa kuti ena mumamusunga m'nyumba poopa maso a anthu ndi magalimoto, koma mwana amene watandala m'chipinda chamdima tsiku lonse sangasiyanitse usana ndi usiku.

Ngati wapitirira zaka 5, yesetsani kuti asagone masana. Ngati ndi wamng'ono, tulo ta masana tithe isanakwane 3 koloko. Tiyi, kofi, zakumwa za kola ndi zakumwa zopatsa mphamvu zili ndi caffeine wothamangitsa tulo. Tiyi wa madzulo amene timamuona ngati wosavulaza ndi wokwanira kusunga mwana ali maso. M'malo mwake mupatseni phala kapena mkaka, ndipo asagone ndi njala.

Mndandanda wa madzulo

Mwana wa autism amakhazikika mtima akadziwa chimene chikubwera. Khalidwe lomwelo lokonda kubwereza zinthu, limene limatitopetsa masana, ndilo lotithandiza madzulo. Sankhani zochita zinayi kapena zisanu zimene zitenge mphindi 20 mpaka 30, ndipo zizitsatana chimodzimodzi tsiku lililonse: kusamba, kuvala zogonera, kutsuka mano, kupemphera kapena kuimba nyimbo imodzi, kulowa mu neti.

Dulani katoni ya sopo, mujambulepo zithunzi zisanu motsatana: beseni, malaya, mswachi, manja opemphera, bedi. Musadandaule za luso lojambula, bola mwana azindikire. Ipachikeni pamsomali pamene maso ake afika. Mukamaliza chimodzi, mugwireni dzanja aloze chithunzi chotsatira, inu n'kunena mawu ochepa omwewo: "Tasamba. Tsopano tivale." Pakapita masiku mudzaona akupita yekha pakatoni paja kukaona chotsatira. Ngati kusamba kumamukwiyitsa kapena kumamusangalatsa mopitirira, musambitseni masana, madzulo muzingomupukuta.

Foni ndi TV zizimitsidwe ola limodzi nthawi yogona isanakwane. Apa abambo ndikupemphani kwambiri, chifukwa m'zipinda ziwiri mwana sangagone mpira ukuwala pakhoma. Tsitsani mawu, tchingani ndi nsalu, kapena kaonereni kwa anzanu kwa milungu ingapo pamene mwana akuphunzira.

Ngakhale alibe chipinda, akhale ndi malo ake osasinthasintha: matiresi omwewo, ngodya yomweyo, chofunda chomwecho. Chitenje chopachikidwa pa chingwe chimatchinga kuwala ndipo chimamuuza kuti mbali ino ndi yogona. Neti nayonso, kuwonjezera pa kuteteza malungo, imapatsa ana ena mpanda umene amaukonda. Phokoso la mabala ndi la maliro kapena mapemphero a usiku simungalithetse, koma fani kapena kawailesi kongolira shiii motsitsa kamaliphimba. Mu October, malata akatentha, muvekeni zopepuka. Mu June ndi July onjezani chofunda, koma mbaula ya malasha isagone m'nyumba yotseka, chifukwa mpweya wake umapha anthu ali m'tulo.

Chilala cha 2024, madzi atachepa ku Kariba, chinatiphunzitsa kuti malaiti akhoza kuzima maola ambiri n'kubwera pakati pa usiku. Mndandanda wanu usadalire malaiti. Khalani ndi kanyali kamodzi ka sola kosawala kwambiri, ndipo musanagone zimitsani maswitchi onse, kuti malaiti akabwera 1 koloko mababu ndi TV zisayake n'kudzutsa mwana.

Mmene wagonera ndi mmene adzafunire

Tsopano tafika pachimake pa nkhani yathu. Munthu aliyense amadzidzimuka kangapo usiku, n'kutembenuka, n'kugonanso osakumbukira. Mwana amene tulo tamupeza ali kumsana, kapena akuyamwa botolo, kapena atagwira foni, akadzidzimuka 2 koloko amapeza zinthu zasintha. Msana palibe, botolo palibe. Amadzukiratu n'kuyamba kufuna chimene anagona nacho. Ndiye chifukwa chake mankhwala a kudzuka kwa pakati pa usiku ali pa kagonedwe ka madzulo. Tulo tizimupeza ali pamalo pomwe adzakhale usiku wonse, ndi zinthu zomwe zidzakhalepo usiku wonse.

Kugona chipinda chimodzi ndi mwana, ngakhale bedi limodzi, ndi chikhalidwe chathu ndipo sikulakwa. Chimene tikufuna n'chakuti adziwe kugwidwa ndi tulo popanda kuberekedwa, kugwedezedwa kapena kuyenda naye panja. Izi timachita pang'onopang'ono. Ngati amagonera kumsana, masiku oyamba mutsitseni akusinza koma asanagoneretu, mugone pambali pake dzanja lili pamsana pake. Akazolowera, patatha masiku atatu kapena anayi, khalani tsonga pambali pake osamugwira. Kenako khalani pakampando pafupi ndi matiresi, kenako pafupi ndi nsalu yotchinga, kenako kuseri kwa nsalu kumene akumva kuti mulipo koma sakukuonani. Musacheze naye, musamuyang'anitsitse. Akadzuka, mubwezeni modekha ndi mawu amodzi omwewo: "Ndi usiku, tigone." Ngati sitepe ina yamukulira, bwererani pa yapitayo masiku angapo.

Kusuntha ola logonera

Tibwerere kwa mnyamata wogonekedwa 7 koloko koma wogona 11 koloko uja. Maola anayi akulimbana pamatiresi amamuphunzitsa kuti pogona ndi pabwalo la nkhondo. Njira imene Cathleen Piazza ndi Wayne Fisher anafotokoza mu 1991 imayamba ndi chinthu chodabwitsa: mugonekeni mochedwa. Yambani pa ola limene kope likuonetsa kuti tulo timamugwiradi. Mndandanda wa madzulo uyambe 10:30, alowe mu neti 11 koloko ali wotopa, ndipo agona msanga. M'mawa mudzutseni pa ola lake, masana asagone. Akagona mkati mwa mphindi 15 kapena 20 kwa masiku awiri kapena atatu otsatana, bwezani ola ndi mphindi 15: 10:45, kenako 10:30, mpaka mufike pa ola loyenera msinkhu wake. Masiku oyamba adzakhala wotopa ndi wokwiya masana. Pirirani, kutopako ndiko kukugwira ntchito.

Kwa mwana womva mawu amene amatulukatuluka pogona, pali njira ya khadi imene Patrick Friman ndi anzake anafalitsa mu 1999. Mupatseni khadi limodzi usiku uliwonse. Ndi khadilo angathe kudzuka kamodzi kukamwa madzi kapena kukumbatiridwa, kenako alipereke. Akafika nalo m'mawa asanaligwiritse ntchito, alandire mphotho. Mphotho isakhale yodula: kuomberedwa m'manja, nyenyezi yojambulidwa pakatoni, kapena mphindi zochepa za masewera amene amawakonda. Iperekedwe atangodzuka, kuti aone kugwirizana kwake ndi kugona bwino.

Zidzayamba zavuta

Ndikuchenjezeni kuti musadzagwe mphwayi. Mukasiya kupereka foni kapena botolo la usiku, kulira kumakula kaye kwa masiku angapo. Mwana akuyesa mwamphamvu njira imene inkamuthandiza kale. Mukagonja usiku wachitatu, waphunzira kuti kulira kwambiri ndiko kumabweretsa foni. Choncho sankhani sabata imene mulibe maliro, alendo kapena ulendo, mwana ali bwino m'thupi. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi. Gwirizanani nonse m'nyumba, amayi, abambo, agogo ndi achemwali, kuti yankho la usiku likhale limodzi. Muzisinthana kudikira kuti wina apume. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mkwapulo sugoneka mwana, umangowonjezera mantha amene akumulepheretsa kugona, ndipo lamulo la ana la Children's Code Act la 2022 limaletsa chilango chomenya mwana. Musamumange pabedi, musamutsekere yekha m'nyumba. Ngati amatuluka usiku, ikani loko pamwamba pa chitseko chakunja pamene iye safika, ndipo mipeni, machesi, mankhwala ndi zidebe za madzi zikhale kutali.

Umboni ndi nkhani ya mankhwala

Zimene ndakuuzanizi zinayesedwa. Ku America, Beth Malow wa ku yunivesite ya Vanderbilt ndi anzake anaphunzitsa makolo a ana 80 a zaka 2 mpaka 10, ndipo zotsatira zimene anafalitsa mu 2014 zinaonetsa kuti anawo anayamba kugwidwa ndi tulo msanga kuposa kale. Ku Australia, kafukufuku wa Sleeping Sound wa ana 245 anapeza kuti kukumana ndi katswiri kawiri ndi kulankhulana pafoni kamodzi kunachepetsa mavuto a tulo. Ku Rome, Flavia Cortesi ndi anzake mu 2012 anapeza kuti melatonin wophatikiza ndi maphunziro otere anathandiza kuposa chilichonse pachokha. Malangizo a madokotala a ubongo a American Academy of Neurology a 2020 akuti: fufuzani matenda kaye, yambani ndi kusintha zizolowezi, melatonin abwere ngati zimenezi sizinakwanire. Ananenanso kuti palibe umboni wakuti mabulangeti olemera amene amagulitsidwa modula amawonjezera tulo.

Choncho melatonin ali ndi malo ake, koma a dokotala ndiwo anene mlingo ndi nthawi. Piriton, mankhwala a chifuwa, mowa pang'ono kapena mapiritsi a wodwala wina si zogonekera mwana. Zimaledzeretsa kwa masiku ochepa, thupi n'kuzolowera, ndipo ana ena zimawapatsa mphamvu zosaneneka m'malo mwa tulo. Mukayesa njirazi mokhulupirika kwa mwezi wathunthu osaona kusintha, tengani kope lija mubwerere ku kiliniki. Ana ena amafunika thandizo loposa la panyumba, ndipo zimenezo sizisonyeza kuti mwalephera.

Mawu kwa anansi ndi atsogoleri

Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Inu a landilodi ndi okhala nawo pa yadi, banja likakuuzani kuti sabata ino likuphunzitsa mwana kugona ndipo kukhala kulira, lipatseni masiku amenewo. Amayi ambiri amapereka foni pakati pa usiku poopa kuthamangitsidwa m'nyumba, ndipo mantha amenewo ndiwo amasunga vutoli. Amayi a m'chilimba ndi a m'mabungwe a mpingo, mmodzi atenge mwanayo maola awiri masana kuti mayi ake atsinzineko. Aphunzitsi, mwana akamasinza m'kalasi lembani nthawi yake muuze makolo, ilowe m'kope.

Makolo, lamulo la Persons with Disabilities Act la 2012 limateteza ufulu wa mwana wanu pa maphunziro ndi pa chithandizo cha kuchipatala. Kamulembetseni ku Zambia Agency for Persons with Disabilities, ndipo funsani ku ofesi ya zachitukuko cha anthu za thandizo limene banja lanu lingalandire. Mabungwe monga Special Hope Network akugwira ntchito ndi makolo m'makomboni a Lusaka. Pa 2 April chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira za autism, koma ife tisadikire tsiku limenelo kuti tikumane. Makolo a ku Stage 1 ndi Stage 2, a ku Mtendere ndi Kalingalinga, dziwanani, muzionetsana makope anu ndi kulimbikitsana.

Pempho langa ndi ili. Lero lomwe gulani kope muyambe kulemba. Mawa mudzutseni mwana pa ola limene mwasankha, mumutulutse padzuwa. Sabata ino mupite naye ku kiliniki akamuone mano, mimba, makutu ndi magazi. Zina zonse zitsatire chimodzichimodzi. Mwana wanu angathe kuphunzira kugona, ndipo inunso mukuyenera kupuma.